Chibokosi cha Hafiz

Anthu a ku Lungwena akamva kuti galimoto ya katundu yafika kuchokera ku Joni, amasiya zonse, ngakhale ukonde uli pakati posoka, n'kuthamangira kumsewu kukaona za eni ake. Amadziwa nyumba iliyonse yomwe yalandira malata, njinga yamoto, sola kapena firiji. Amadziwanso yomwe sinalandire kanthu, ndipo imeneyo ndiye amaidziwa bwino koposa. Ndiye tsiku lomwe galimoto inaima pafupi ndi nyumba ya Che Jaffalie, anthu anakhamukirako, chonsecho aliyense akudziwa kuti mwini katunduyo sadzatsikanso galimoto pa Lungwena.

Hafiz, mwana wamwamuna yekhayo wa Che Jaffalie ndi akazi awo Abiti Ahmad, anamwalira ku Joni atadwala chifuwa nthawi yaitali osauza makolo ake. Anatsirizika m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke Asilamu anzake anali atamusambitsa, kumukulunga sanda ndi kumuika m'manda komweko, monga mwa chipembedzo. Palibe analakwa pamenepo. Koma bambo ake anazimva zonsezo pa foni, ataima pansi pa mtengo wa mango pomwe netiweki imagwira, ndipo pobwerera kunyumba sanadziwe choti achite ndi manja awo. Munthu yemwe wasambitsa maliro ambirimbiri m'mudzimo, ana a eni ake, wake yemwe osamukhudza n'chala chomwe. Zimapweteka, abale, tisanamizane.

Katunduyo anabwera naye Yasini, mnyamata wa ku Makanjira yemwe ankagona chipinda chimodzi ndi Hafiz. Anatsitsa chikwama cha zovala, bulangete, ndi katoni yolemera yomangidwa zingwe mbali zonse. Basi. Anthu anasuzumira m'galimoto kuti mwina malata atsalira pansi, koma dalaivala anali atatseka kale chitseko.

Atamasula katoniyo munatuluka chibokosi chakuda, mbali imodzi galasi. M'kati munali mapaipi okhotakhota ndi kathanki ka madzi, ndipo madziwo anali obiriwira, a ndere, ngati a m'chithaphwi cha achule.

Woyamba kutsegula pakamwa anali Che Yunus, mlongo wawo wa Abiti Ahmad. Ana awiri a Che Yunus ali ku Joni komweko, ndipo anatumiza kale malata ndi njinga yamoto, choncho bamboyo amayankhula ngati mzikiti anamanga yekha.

"Alamu," anatero uku akugogoda galasilo ndi chala, "zaka zonsezi ku Joni, mwana watitumizira chithaphwi? Kodi madzi anatha m'nyanjamu?"

Anthu anaseka mobisa, ena ataphimba pakamwa ndi mipango. Koma anthu! Maliro sanazizire n'komwe.

Yasini anayesa kufotokoza. Anati imeneyi ndi kompyuta, osati wamba, yamphamvu, yokonzera mafilimu a maukwati. Hafiz anaimanga yekha, kugula kachitsulo lero, kena mwezi wamawa, nthawi zina kugona ndi njala kuti apeze kotsatira. Ikamagwira ntchito imatentha ngati injini ya boti, n'chifukwa chake ili ndi madzi ozungulira m'kati. Maganizo ake anali oti abwerere kumudzi adzatsegule malo akeake m'tauni ya Mangochi. Kungoti atayamba kudwala inakhala miyezi osayatsidwa, madzi n'kuola.

"Ikayaka, Baba, imawala m'kati monse, madzi akuyenda," anatero Yasini. "Anthu ankabwera kudzangoionera."

Koma ndani amamvera mlendo wa ku Makanjira pamene Che Yunus ayankhula kale? Anthu anayamba kubalalika, ndipo Che Jaffalie anamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti ana ena amangopita ku Joni kukatha nsapato. Mawu amenewo anawalasa kuposa foni ija. Anakumbukira momwe Hafiz ankanenera akaimba, mawu akunjenjemera ndi chisangalalo, kuti, "Baba, mudzaiona ikuyaka," iwo n'kumangoti eya, eya, osadziwa n'komwe chomwe mwanayo akunena.

Anaimirira. Si munthu wokweza mawu, koma tsiku limenelo anakweza.

"Alamu, pa arobaini chiyaka ichi. Mudzaone ndi maso anu chomwe mwana wanga anapanga ndi manja ake."

Arobaini ndi sadaka yomwe imachitika pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira, ndipo mudzi wonse umabwera kudzapemphera ndi kudya mpunga. Che Jaffalie anali atalonjeza pagulu, ndipo dzina la mwana wawo linali litatsamira pa chibokosi chomwe iwo sankadziwa ngakhale poyatsira pake.

Anachikweza lole ya matola, atachifungatira pamiyendo ulendo wonse kuopa mabampu, n'kuoloka nacho mlatho wa Shire mpaka m'tauni. Anthu anawalozera kashopu ka kuseri kwa msika komwe Nadia amakonza mafoni ndi makompyuta. Anali mtsikana wamng'ono thupi, wa mpango wakuda ndi magalasi, ndipo atangochotsa nsalu yomwe anakulungira anagwira pakamwa.

"Eee, Baba, mwachitenga kuti chimenechi? Zoterezi ine ndimangoziona pa intaneti."

Anazungulira tebulo, kusuzumira uku, kusuzumira uko, kulondola ndi chala momwe mapaipi anakhotera osapindika molakwika ngakhale imodzi.

"Amene anamanga ichi anali ndi manja," anatero.

Che Jaffalie anayang'ana kumbali. Chimwalirire Hafiz, anthu anali atawauza zambiri, kuti apirire, kuti zonse ndi za Allah, koma palibe anali atanenapo kuti mwana wawo ankatha kanthu.

Nadia sanaiyatse. Anati madzi akapanda kuyenda, zam'kati zikhoza kupsa nthawi yomweyo. Anakhetsera madzi oolawo m'beseni, fungo lake la m'dambo, kenako anamasula zitsulo ziwiri zolemera, china chaching'ono ngati sopo wosambira, china chachitali ngati chikhatho. Chilichonse chinali ndi chivindikiro cha pulasitiki yoonekera. Atachotsa zivindikirozo anawaonetsa m'kati.

"Izi ndi za kopa, mkuwa uja, Baba. Dzimbiri lake silifiira ngati la khasu, limabiriwira chonchi. Mukuona timizere iti?"

Anayandikitsa maso. Pansi pa nkhungu yobiriwirayo panali timizere tothithikana, tosongoka kuposa mano a chipeso cha nsabwe.

"Madzi amadutsa m'menemu n'kutenga kutentha. Tatsekeka tonse. Ndipo apa m'mphepete pali kamsewu komwe kamphira kamagona kuti madzi asatuluke. Zikayera izi, ine ndikatsuka pampu ndi mapaipi, ndikukhulupirira iyaka."

"Ndipatse nditsuke ine zimenezo," anatero Che Jaffalie.

Nadia anamwetulira mwaulemu, n'kunena kuti si ntchito yovuta, aichita yekha, iwo apite akapume. Koma iwo sanasunthe.

"Mama, mwana wanga sindinamusambitse. Anamusambitsa anthu omwe sindikuwadziwa ngakhale maina. Izi anazigwira ndi manja ake. Ndipatse nditsuke."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Kenako anatenga nyuzipepala n'kukulunga zitsulo ziwirizo pamodzi ndi zivindikiro zake, ndipo anawalangiza pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa madrasa. Afinye mandimu, asefe, asakanize ndi madzi, aviike zitsulozo kanthawi, kenako apukute ndi mswachi wofewa motsata timizere. Potsukuluza agwiritse madzi a batire, omwe amagulitsa pa filing'i siteshoni, osati a pamjigo, chifukwa a kuno ndi amchere ndipo ndiwo amabala dzimbiri. Zivindikiro angozisambitsa ndi sopo ndi kansalu.

"Sitilo waya ayi, Baba. Mpeni ayi. Ndipo mabanga ena akuda sachoka. Asiyeni, salakwa kanthu."

M'mawa mwake, atachoka kumzikiti, anakhala kuseri kwa nyumba ndi beseni latsopano, mandimu, mswachi watsopano ndi botolo la madzi a batire. Anapinda manja a mkanjo. Anati Bismillah, n'kuyamba mbali ya kumanja monga amachitira posambitsa maliro, mofatsa, osathamanga, ngati chitsulo chingamve kupweteka. Madzi a mandimu anayamba kusanduka obiriwira, timizere tinayamba kuoneka kamodzikamodzi, ndipo misozi yomwe inakana kutuluka tsiku la foni lija inatuluka yokha, n'kumagwera m'beseni momwemo.

Anamva mapazi kumbuyo. Anali Abiti Ahmad, ataima ndi manja kumbuyo, atawonda ngati wadwala chaka.

"Ndigwireko chimodzi, bambo a Hafiz."

"Ayi, pitani. Izi si za akazi."

Anayankha osaganiza, chifukwa mwamuna amasambitsidwa ndi amuna anzake, ndipo mumtima mwawo iwo anali pa maliro. Koma zitsulo si maliro, abale. Panalibe lamulo lililonse loletsa mayiyo kukhala pansi n'kugwira mswachi, n'kumva zonse zomwe Nadia ananena. Chisoni chimapusitsa munthu, chimamuchititsa kuumira ndi zomwe akanagawana.

"Anandiikira mwana ine kulibe," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Ali khanda ankamusambitsa ndani? Inu?"

Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba.

Pofika masana zobiriwira zonse zinali zitachoka, koma mabanga akuda anatsala, ena m'makona, ena pakati penipeni pa chitsulo chachitali chija. Che Jaffalie anaviikanso, kupukutanso, osatheka. Anakumbukira kuti mtsikana uja anati awasiye, ndipo anawasiya, ngakhale mtima sunakhutire. Anaumitsa zitsulozo pamthunzi, kuzikulunga nsalu yoyera, n'kuziika pamwamba pa kabati.

Tsiku lotsatira anapalasa njinga kukafuna mbuzi ndi mpunga wa sadaka. Anabwerera dzuwa lili paliwombo, thukuta lili chuchuchu, ndipo atangolowa mumpanda china chake chinawathobwa m'maso. Pathandala, pakati pa mapoto ndi mbale, panali zitsulo za Hafiz, zikunyezimira ngati zangotuluka kumene mufakitale. Banga ngakhale limodzi panalibe.

Pa Lungwena palibe mkazi amakwecha mapoto ngati Abiti Ahmad, zimenezo aliyense amadziwa. Poto wawo, ngakhale waphikira pa nkhuni zaziwisi, umadziona nkhope. Anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mwana nkhope yawo inali yomasuka.

"Mwaona? Mandimu anu aja ndi masewera. Mumafuna anthu adzaone zinthu za mwana wanga zili ndi mabanga?"

"Mwatsuka ndi chiyani?"

"Mchenga wa kudoko, wosalala uja, ndi phulusa. M'timizeremo ndimalowetsa ndi kamtengo. Ndi zivindikiro zomwe ndakwecha."

Che Jaffalie anafunsanso mofulumira.

"Sitilo waya simunagwiritse?"

"Waya? Ine? Waya umakanda mapoto, sindiugwira."

Anawaonetsa zala. Nsonga zake zinali zitasupuka, china chikuchucha timagazi. Anali atakhala kudoko kuyambira m'mawa, anzawo onse kutsuka n'kumapita, iwo ali pomwepo. Che Jaffalie anayang'ana zalazo, anayang'ana zitsulo zonyezimirazo, n'kudziuza kuti mtsikana uja anatchula waya ndi mpeni, za mchenga sananene. Ndipo chinthu chowala chonchi chingalakwe bwanji? Anathokoza akazi awo, ndipo tsiku limenelo anadyera limodzi, akukumbutsana za Hafiz ali mwana, momwe ankamasulira wailesi ya m'nyumba n'kukwapulidwa.

Che Jaffalie atabwerera nazo kushopu kuja m'tauni, Nadia anatambasula nsalu yoyera ija akumwetulira. Kumwetulirako kunazima pang'onopang'ono. Anatenga chitsulo chaching'ono, kuchitembenuza, kuchiyang'ana ndi galasi lake lokuza zinthu, n'kuchiika pansi. Anatenga chachitali. Zivindikiro zija, zomwe kale unkaona kuseri kwake, zinali zitachita mbuu.

"Baba, mwatsuka ndi chiyani?"

"Mchenga wosalala ndi phulusa. Waya ayi."

Mtsikanayo anatseka maso. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti tiyeni tiyese. Anatsukuluza zitsulozo mobwerezabwereza, timchenga tikutuluka m'makona, kenako anaika timphira, kumanga zivindikiro, n'kuzilumikiza ku pampu ndi mapaipi kunja kwa chibokosi, pamwamba pa pepala louma. Anathira madzi a batire m'kathanki n'kuyatsa pampu. Inalira mofewa, madzi oyera anayamba kuyenda m'mapaipi, ndipo Che Jaffalie anagwira m'mphepete mwa tebulo. Zinali zokongola, monga Yasini ananenera.

Kenako papepala panaoneka kadontho. Kena pambali pake. Kuchitsulo chachitali madzi anayamba kutsetsereka m'mphepete monse.

Nadia anazimitsa, kumasula, kuika timphira tina, kumanganso mwamphamvu. Zomwezo. Anayesa kachitatu atapaka timafuta, ndipo pepala linanyowa msanga kuposa poyamba. Apo anakhala pansi n'kuwafotokozera. Mchenga unadya kamsewu kaja komwe kamphira kamagona, panali timikwingwirima tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amapeza njira m'menemo. Timizere tambiri tinali titagona, tina titathothoka. Pansi pa zitsulozo, pomwe payenera kukhala posalala kuti pakhudze bwino, panali patachita zigwa. Kuziika m'chibokosi zili chonchi, madzi adonthera pa magetsi n'kupsereza zonse.

"Palibe china ungachite, mama? Arobaini ndi Lachisanu likubwerali."

"Chaching'onochi ndikhoza kuikapo fani wamba. Koma chachitalichi anachipanga molingana ndi chipangizo chake chokha. Kuno sichipezeka, ku Blantyre komwe ndafunsa anzanga, kulibe. Mpaka kuitanitsa kunja, ndipo mwina anasiya kupanga." Kenako anawonjezera. "Ndikhoza kulumikiza kuti timagetsi tokha tiyake, popanda madzi, popanda chithunzi. Anthu aone kuwala."

Che Jaffalie anapukusa mutu. Alamu awo angoti ndi nyali yokopera usipa, ndipo adzakhala akunena zoona. Si zimenezo mwana anapanga.

"Ndiuze chinthu chimodzi," anatero. "Zikanakhala kuti sizinakwechedwe, ikanayaka?"

"Ikanayaka, Baba. Zina zonse ndaziyesa, n'zamoyo. Mwana wanu sanalakwitse paliponse." Anawayang'ana manja, osasupuka paliponse, n'kufunsa motsitsa, "Anakwecha ndani?"

"Mayi ake."

"Mayo ine," anatero Nadia, n'kuvula magalasi.

Anabwezera zonse m'malo mwake zouma, popanda madzi, kuti chioneke monga Hafiz anachimangira. Pobwerera, pa lole, Che Jaffalie anachifungatiranso pamiyendo, ngakhale tsopano panalibe choopa mabampu. Njira yonse ankakonza mawu owauza akazi awo. Atafika anawapeza akudikira pakhomo, zala zitamangidwa tinsanza.

"Wati bwanji mtsikanayo? Waona mmene zawalira?"

"Waona," anatero. "Wati sanaonepo zowala chonchi."

Mawu onse omwe anakonza aja anatsalira kukhosi. Anadziuza kuti anena mawa. Mawa kunabwera alendo ochokera ku Makanjira, mkuja kunali kupeta mpunga ndi kutunga madzi, ndipo nthawi iliyonse akafuna kuyamba ankapeza mayiyo akuuza amayi anzawo kuti zitsulo za m'kati anatsuka ndi iwo, ndi manja awo, mwana wawo asachite manyazi. Munthu yemwe anakhala milungu osadya anali atayambanso kudya. Ungamulande bwanji?

Lachisanu linafika. Amuna anadzaza mikeka pabwalo, akazi kuseri kwa mpanda, shehe anatsogolera pemphero la duwa, mpunga ndi nyama zinayenda. Che Jaffalie sanalawe kanthu. Ankayembekeza kuti mwina anthu aiwala, adya n'kumwazikana. Ha! Anthu a pa Lungwena kuiwala lonjezo la mnzawo? Mbale zisanachotsedwe n'komwe, kunamveka njinga yamoto, ndipo mdzukulu wa Che Yunus anatsitsa jenereta pakati pa bwalo.

"Ndati ndikuthandizeni, alamu, musavutike ndi magetsi," anatero Che Yunus akutsuka m'mano ndi kamtengo. "Tulutsani tione."

Anachitulutsa n'kuchiika patebulo. Kudzera pagalasi, zitsulo zija zinanyezimira padzuwa, ndipo anthu anayandikira, ena akuti eee, koma chasintha. Jenereta inalira. Wina anatambasula chingwe n'kuwapatsa Che Jaffalie m'manja.

Zoona zinali pa lilime pomwepo, ndipo zinali zokwana kutsuka dzina la Hafiz mpaka kale. Akanangoti chinthuchi chinali chamoyo, wodziwa ntchito wa m'tauni wachiyesa, wati amene anachimanga anali ndi manja, chaonongeka kuno, ndi mchenga wa kudoko. Aliyense akanamvetsa, pakuti pa Lungwena palibe sadziwa yemwe amakwecha ndi mchenga mpaka chitsulo kuwala. Che Yunus akanatseka pakamwa. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, kudoko, kumjigo, kuchigayo, Abiti Ahmad akanakhala mayi uja anapha chinthu cha mwana wake.

Che Jaffalie anatembenuka. Pachipata cha mpanda panali Abiti Ahmad, atasuzumira pakati pa amayi anzawo, dzanja limodzi pachifuwa, maso ali pa chibokosi, akudikira kuona mwana wawo akuyaka.

Che Jaffalie anaika chingwe pansi.

"Zimitsani jenereta," anatero. Atazimitsa, bwalo lonse linati zii. "Munanena zoona, alamu. Sichiyaka ichi. Chinabwera chakufa kale."

"Chakufa kale?" anafunsa Che Yunus. "Ndiye kuti anamugulitsa zoola mwanayu?"

"Kaya. Mwina sankazidziwa bwino."

Anawatchula mawu amenewo akuyang'ana pansi, ndipo anamva ngati akudzilavulira okha. Palibe anaseka. Kukanakhala kuseka bwenzi atapirira. Koma Che Yunus anaimirira, n'kudzawagwira paphewa mwachifundo chenicheni.

"Pepani, alamu. Ana a masiku ano ndi choncho, samva. Tingomupempherera."

Anthu anavomereza ndi mitu. Mkulu wina anati izi zikhale phunziro kwa anyamata omwe akupita ku Joni, kuti azigula zinthu zooneka. Kenako anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, aliyense kuwagwira dzanja Che Jaffalie mofewa ngati wodwala, ndipo jenereta inakwezedwanso panjinga.

Bwalo litatsala mikeka yokha ndi mpunga wotayika womwe nkhuku zinkatola, Abiti Ahmad anatuluka. Sanali kulira. Anaima patsogolo pa amuna awo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lawo lonse anawayang'ana m'maso mwaukali.

"Che Jaffalie, mwamuika kachiwiri mwana wanga. Pamaso pa anthu onsewa. Ngakhale chikanakhala chakufa, inu bambo ake munganene kuti sankadziwa? Achimwene anga anyoze, anthu anyoze, ndi inu nomwe?"

Mayiyo anapitiriza.

"Ine mbali yanga ndinachita. Ndinatsuka mpaka zala kutuluka magazi kuti mwana wanga asachite manyazi. Inu mwachita chiyani?"

"Eya," anatero Che Jaffalie. "Mbali yanu munachita."

Mayiyo anavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa chibokosicho. Iwo atatambasula manja kuti athandize kunyamula, anawakankha ndi chigongono.

"Musachikhudze."

Anachinyamula okha, cholemera chonchija, akudzandira, n'kulowa nacho kuchipinda, ndipo chitseko chinatsekedwa. Patapita kanthawi kunamveka kulira, akutchula dzina la Hafiz, akumuuza kuti asadandaule, mayi ake akudziwa kuti ankatha.

Che Jaffalie anaima pabwalo akumvetsera mpaka mawuwo anatsika. Kenako anawerama n'kuyamba kupinda mikeka, chifukwa inali yobwereka kumzikiti ndipo inkafunika kubwezedwa nthawi ya swala, pemphero la madzulo, isanakwane.